Kuchokera ku Richards Bay mpaka ku Kommetjie: zimene zimapha anamgumi ndi madolofini

Lolemba, Richards Bay

Ulendo tauyambira pa doko la malasha lino, kumpoto kwa KwaZulu-Natal, ndipo titsata gombe mpaka ku Cape Town. Ndi mwezi wa Julaye, m'mawa kukuzizira, madzi a pafupi ndi doko ali ngati thobwa chifukwa cha matope a m'mitsinje. Madzi oterewa ndi amene amakonda dolofini wa linunda, wotuwa uja, wamanyazi, amene satalikira gombe. Kawirikawiri sapitirira pamene nyanja yakuya mamita 25. M'dziko lonse la South Africa akuyerekezedwa kuti atsala osakwana 500, ndipo kuyambira 2017 ali pa mndandanda wa IUCN, bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe, wa nyama zimene zili pangozi yoti zitha kutheratu.

Pamene amakonda kudyera ndi pomwenso pali maukonde a shaki. Osambira ambiri amaganiza kuti ukonde wa shaki ndi mpanda wotchinga gombe. Ayi ndithu, ndi matchera basi, ongosiyana kukula ndi amene asodzi amatchera pa nyanja ya Malawi. Ukonde umodzi umatalika pafupifupi mamita 214, kuya kwake mamita 6, maso ake masentimita 51 ukawakoka, ndipo umatcheredwa mamita ngati 400 kuchokera pa mchenga, pa madzi akuya mamita 10 mpaka 14. Shaki atha kudutsa pansi kapena m'mbali. Ntchito ya ukondewo ndi kuchepetsa ashaki akuluakulu m'deralo, ndipo sumasankha: akamba, madolofini, ngakhale ana a anamgumi amakodwamo.

Dolofini amapuma mpweya ngati ife. Akakodwa amapupuluma, ukonde umam'kulunga kwambiri, ndipo m'mphindi zochepa wabanika. Richards Bay ili ndi gawo laling'ono chabe la maukonde a chigawo chino, koma oposa theka la madolofini a linunda ofera m'maukonde amafera pano, makamaka amuna ongosinkhuka kumene. Anayesapo kumangirira tizipangizo tolira pa maukonde kuti tiziwathamangitsa, koma sitinathandize kwenikweni. Ena ankachita kubwera kudzaona chimene chikulira. Chimene chaoneka kuti chikugwira ntchito ndi kuchotsa maukonde ena n'kuikapo mbedza imodzi yaikulu ya nyambo yolenjekedwa pa chigubu choyandama, njira imene inayamba kufala m'chigawo chino mu 2007. Mbedza imakola shaki koma dolofini amangoidutsa.

Lachiwiri, Umhlanga ndi Durban

Kuno n'kumene kuli likulu la KwaZulu-Natal Sharks Board, bungwe limene limatchera ndi kuyang'anira maukondewa. Maukonde oyamba ku Durban anatcheredwa mu 1952. Maboti amatuluka m'bandakucha kukawayendera, ndipo nyama yopezeka yamoyo imamasulidwa.

Mtembo wa dolofini wofera mu ukonde suvuta kuuzindikira ukakhala watsopano. Pa mlomo, pa zipsepse ndi patsinde pa mchira pamakhala timizere tocheka khungu, nthawi zina mpaka kuoneka malo a mfundo za ukondewo. Nyamayo imakhala yonenepa bwino, m'mimba muli nsomba zosagayika, kusonyeza kuti imfa inaipeza ikudya. Mapapo amalemera, ndipo ukacheka njira ya mpweya mumatuluka thovu loyera kapena lofiirira. Palibe chizindikiro chimodzi chokwanira pachokha. Zikapezeka pamodzi zitatu kapena zinayi m'pamene wopima amalimba mtima kulemba kuti ukonde.

Chodabwitsa n'chakuti mitembo ya m'maukondeyi ndi imene yaphunzitsa anthu zambiri za thanzi la madolofini a kuno. Dolofini wokokoloka pa gombe nthawi zambiri amakhala kuti anadwala kale. Wa mu ukonde anali kuyenda bwinobwino mpaka tsiku limenelo, choncho amaonetsa mmene anzake amoyo alili m'kati. Ndipo m'katimo simukhala moyera. Atapima madolofini 40 okodwa pakati pa 2010 ndi 2012, oposa theka anali ndi zizindikiro za chibayo, ambiri chifukwa cha nyongolotsi za m'mapapo. Kupeza nyongolotsi mwa nyama yakufa sikutanthauza kuti ndizo zaipha. Wopima wosazolowera amalakwa pamenepa kawirikawiri.

Mitembo yomweyi ndi imene inaonetsa, cha m'ma 1980, mmene mankhwala a DDT (ophera tizilombo) ndi PCB (a m'mafakitale) amayendera. Mankhwalawa amakanirira m'mafuta ndipo sachoka. Dolofini wamwamuna amangowaunjika moyo wake wonse. Wamkazi amawaunjika kufikira atabereka koyamba, kenako pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse amapita kwa mwana woyambayo kudzera mu mkaka, umene uli ndi mafuta ochuluka zedi. Mayi amapepukidwa, mwana woyamba n'kusenza katundu wa zaka khumi m'miyezi yochepa. DDT inabwereranso kumpoto kwa chigawo chino mu 2000 popopera m'nyumba polimbana ndi udzudzu, malungo atavuta kwambiri, choncho nkhaniyi si yongoloza chala. PCB imafooketsa chitetezo cha m'thupi ndi kubereka. Namgumi wa mtundu wa orca wotchedwa Lulu, amene anafa atakodwa m'zingwe ku Scotland mu 2016, anali ndi PCB yoposa mamiligalamu 950 pa kilogalamu ya mafuta, ndipo ngakhale anali wamkulu, anali asanaberekepo.

Madzulo tinakwera ku Bluff, chitunda cha m'mbali mwa doko la Durban, kukaona mabwinja a fakitale yophera anamgumi. Kupha anamgumi ku Durban kunayamba mu 1908 n'kutha mu 1975. Lero a mtundu wa humpback akudutsa pomwepo ambirimbiri, kupita kukaswana ku madzi ofunda a ku Mozambique.

Lachitatu, Port St Johns

Tsiku lonse pa msewu wa R61, mapiri okhaokha, ng'ombe zitagona pa tala. Ino ndi nyengo ya masadini, tinsomba tokulirapo kuposa usipa, timene timakwera gombe lino m'mwezi wa Juni ndi Julaye madzi akazizira. Madolofini a mtundu wa common amatitsata masauzande, ashaki ndi mbalame pambuyo. N'chifukwa chake maukonde a kum'mwera kwa KwaZulu-Natal amazulidwa nyengoyi. Akanasiyidwa akanadzaza ndi mitembo usiku umodzi.

Gombe lino linamveka mu 2021 pamene anthu a m'midzi ya kuno anatengera ku khoti nkhani yofufuza mafuta ndi gasi pansi pa nyanja. Khoti lalikulu la ku Makhanda linaimitsa ntchitoyo mu Disembala chaka chimenecho. Pofufuzapo sitima imakoka mfuti za mpweya zimene zimaphulika pafupifupi masekondi 10 alionse, usana ndi usiku, kwa miyezi. Dolofini ndi namgumi wa mano amadalira makutu posaka, poyenda ndi poitana ana. Wogontha ali ngati mlenje wakhungu.

Phokoso ndi chimodzi mwa zinthu zovuta kwambiri kuzitsimikiza pa mtembo. Umboni womveka unachokera ku zilumba za Canary mu 2002, pamene anamgumi 14 a mtundu wa beaked whale anakokoloka asilikali a pamadzi akuyeserera ndi sonar, chipangizo cha phokoso lamphamvu chofufuzira sitima za pansi pa madzi. M'mitsempha ndi m'ziwalo zawo munali timathovu ta mpweya ndi mafuta, ngati zimene zimachitikira munthu wodumphira pansi pa nyanja akavuuka mofulumira. Zikuoneka kuti mantha amasokoneza kamizidwe kawo. Spain italetsa sonar ya mtunduwo kuzungulira zilumbazo mu 2004, kukokoloka kwa magulu otero kunaleka. Kufupi ndi kuno, mu 2008, anamgumi pafupifupi 100 a mtundu wa melon-headed, a m'madzi akuya, analowa m'dziwe la Loza kumpoto chakumadzulo kwa Madagascar, ndipo gulu la akatswiri linapeza kuti choyambitsa chodalirika kwambiri chinali chipangizo cha phokoso chojambulira pansi pa nyanja. Vuto n'lakuti timaselo ta m'kati mwa khutu timawonongeka pasanathe tsiku limodzi kapena kupitirira pang'ono nyama ikafa. Pa gombe ngati lino, lopanda misewu yofika kunyanja m'malo ambiri, mtembo umapezeka umboni utapita kale.

Lachinayi, Gqeberha

Nyumba yosungira zakale ya ku Bayworld ili ndi zigaza, mano ndi ziwalo za anamgumi ndi madolofini masauzande, zotoleredwa kwa zaka zoposa makumi asanu. Lero tilembe za kapimidwe ka mtembo, chifukwa zonse zimene zimadziwika za matenda a nyamazi zimachokera pa ntchito yonunkhayi.

Choyamba ndi kuona kuti wawola motani. Pali manambala asanu: 1 ndi nyama yamoyo, 2 yangofa kumene, 3 yayamba kufufuma ndipo khungu likusupuka, 4 ziwalo zasungunuka, 5 atsala mafupa kapena chikopa chouma. Pa nambala 2 mutha kupeza pafupifupi chilichonse. Pa 4 mungopeza mtundu, kutalika, zaka ndi mafupa othyoka. Mafuta a pansi pa khungu amasunga kutentha ngati fulasiki, choncho namgumi wamkulu amayamba kupsa m'kati ngakhale kunja akuoneka bwino, ndipo mpweya umene umadzaza m'mimba utha kuponya matumbo patali. Mimba yofufuma imabooledwa kaye pang'ono, munthu ataima cham'mbali.

Musanacheke, jambulani mbali zonse ndi kuyeza molunjika kuchokera kunsonga ya mlomo mpaka pa mpata wa pakati pa mchira, tepi isatsate kupindika kwa thupi. Kenako yezani kuchindikala kwa mafuta pamsana, m'mbali ndi pamimba. Nyama yoonda imaonekanso kumbuyo kwa mutu, pamene pamalowa ngati khosi, ndi m'mbali mwa msana mmene minofu imaphwa. Mafuta amasendedwa m'zigawozigawo kuti muone pansi pake: magazi oundana pamalo pamene mafupa athyoka amasonyeza kuti sitima inaigunda ili moyo, pamene mafupa othyoka popanda magazi ndiye kuti inagundidwa itafa kale. Mu Algoa Bay muno, mmene muli madoko awiri, funso limeneli limabwera pafupipafupi. Liwiro la sitima likatsika kufika pa ma knot 10 (pafupifupi makilomita 19 pa ola), mwayi woti namgumi wogundidwa afe umachepa kwambiri.

Kachidutswa ka chiwalo kopita ku maikulosikopu kasapose sentimita imodzi kuchindikala, kaikidwe mu formalin (mankhwala oletsa kuwola) wa 10 peresenti wochuluka kakhumi kuposa nyamayo. Mukaponyamo chinthuli chachikulu, kunja kumalimba m'kati mukuwola. Musakaumitse mufiriji, madzi oundana amang'amba maselo. Zofufuzira mavairasi ndizo zimafuna kuzizira kwa madigiri 80 pansi pa ziro. Mafuta okayezetsa mankhwala amakulungidwa mu foyilo, chifukwa pulasitiki imawaipitsa. Mano a pakati pa nsagwada yam'munsi amazulidwa angapo. Akachekedwa amaonetsa mizere, umodzi pa chaka, ngati mtengo.

M'mimba mumatsukidwa pa sefa. Timiyala ta m'makutu a nsomba ndi milomo ya nyama za mtundu wa squid zimauza chimene inadya. Pulasitiki imapezeka makamaka mwa anamgumi omira mozama amene amameza chakudya mochita kuyamwa: wina ku Philippines mu 2019 anali ndi makilogalamu 40 a majumbo ndi matumba a mpunga, wina pa chilumba cha Harris ku Scotland chaka chomwecho anali ndi makilogalamu 100 a zingwe, maukonde ndi makapu.

Mutu ndi umene anthu amathamangira kuusiya chifukwa umafuna sowo, komatu mayankho ambiri ali mmenemo. Nyongolotsi za Nasitrema zimakhala m'mphako za mpweya za m'chigaza ndipo zina zimalowerera mpaka mu ubongo, nyama n'kumasambira mozungulirazungulira. Brucella ceti, m'bale wa kachilombo kochotsa mimba ng'ombe, amatupitsa zokuta ubongo, ndipo atha kugwira munthu. Magolovesi, chophimba kukamwa ndi magalasi si zokongoletsa, ndipo mayi woyembekezera asayandikire. Kachilombo ka Toxoplasma kamachokera m'chimbudzi cha amphaka n'kutsika ndi madzi a mvula. Woopsa kuposa onse ndi morbillivirus, wa banja limodzi ndi chikuku, amene amafalikira ndi mpweya madolofini akamapumira pamodzi. Amawononga mapapo, ubongo ndi chitetezo cha m'thupi, moti nyama imamalizidwa ndi matenda ena ongopezerapo mwayi. Anapha madolofini oposa 700 kugombe la kum'mawa kwa United States mu 1987 ndi 1988, n'kubwereranso komweko mu 2013 mpaka 2015 kupha oposa 1,500. Mpata wa zaka 25 umenewo uli ndi tanthauzo: opulumuka amakhala ndi chitetezo, koma akatha kufa ndi ukalamba, m'badwo watsopano umakhala pambalambanda.

Ngakhale zonsezi zitachitika bwino, mafomu ambiri amatsekedwa ndi mawu akuti choyambitsa sichinapezeke.

Lachisanu, pa msewu wa N2

Mvula kuyambira ku Tsitsikamma mpaka ku Mossel Bay. Taima pang'ono ku Plettenberg Bay, kumene kuli ma seal (nyama za m'nyanja zaubweya, zoyamwitsa) ambiri pa matanthwe a Robberg. Kuyambira 2024 chiwewe chatsimikizika mwa ma seal a gombe la South Africa, choncho amene mumakhala kuno, seal woyenda modabwitsa pa mchenga musamuyandikire, ndipo agalu akhale pa chingwe.

Loweruka, Hermanus

Anamgumi a southern right ayamba kufika. Pa njira ya m'mphepete mwa matanthwe tinawerenga asanu ndi awiri, mmodzi ali ndi mwana. Lamulo la kuno silola boti lopanda chilolezo kuyandikira namgumi kuposa mamita 300.

Vuto la anamgumi awa silioneka pa mtembo. Amadya kum'mwera kwenikweni, m'nyanja yozizira yozungulira Antarctica, tinkhanu ting'onoting'ono ta krill ndi tina totere, ndipo akabwera kuno kudzaswana sadya kwa miyezi. Mayi amayamwitsa kuchokera m'mafuta ake. Anamgumiwa akhala akuwerengedwa pa ndege chaka ndi chaka kuyambira 1969, ndipo gulu la Whale Unit la University of Pretoria, limene limagwira ntchitoyi, limazindikira aliyense ndi zikhakha zoyera za pamutu pake. Kale mayi ankabereka zaka zitatu zilizonse: chaka cha bere, chaka choyamwitsa, chaka chopuma. M'zaka zaposachedwa ambiri akutenga zaka zinayi kapena zisanu, ndipo poyerekeza zithunzi, amayi a masiku ano ndi owonda ndi pafupifupi magawo 23 pa 100 kusiyana ndi a kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Njala ya kutali makilomita masauzande imaonekera pano ngati ana osabadwa.

Namgumi wodwala mutha kumuzindikira muli pamtunda. Khungu limatuwa, ndipo nsabwe zake, zimene mwa wathanzi zimangokhala pa zikhakha, zimafalikira thupi lonse n'kumaoneka zofiirira ngati dzimbiri, chifukwa akusambira pang'onopang'ono moti madzi sakuzikokolola.

Abale awo a ku Península Valdés ku Argentina ali ndi mavuto ena: mbalame za m'nyanja zimawajompha pamsana mpaka zilonda, ndipo mu 2022 pafupifupi 30 anafa m'milungu yochepa ndere za poizoni zitachuluka m'madzi. Ndere zoterezi zimabweranso kugombe la kumadzulo kwa dziko lino.

Lamulungu, Simon's Town

Zingwe. Msampha wa nkhanu za lobster kapena wa octopus (nyama ya m'nyanja ya miyendo isanu ndi itatu) umakhala pansi, ndipo chingwe chimakwera mpaka pa choyandama. Namgumi akachikhudza amagubuduzika pofuna kudzimasula, ndiye m'pamene chimam'zinga mchira, chipsepse kapena kukamwa. Wa humpback wamphamvu atha kukoka misampha kwa miyezi, chingwe chikudya mnofu mpaka pa fupa, iye akuwonda. Wa mtundu wa Bryde's, amene amakhala m'madzi ano chaka chonse, amathamangitsa nsomba cha pansi kukamwa kuli yasa, chingwe n'kumulowa m'kamwa. Sayandama bwino ngati ena, choncho kawirikawiri amafera pomwepo. Anamgumi atafa motsatizana mu False Bay mu 2019, nduna ya zachilengedwe ya nthawiyo, Barbara Creecy, inaimitsa usodzi wa octopus mu Juni, ndipo unatsegulidwanso chaka chomwecho ndi malamulo akuti zingwe zikhale zomira komanso zoyandama zizikhala pansi mpaka nthawi yovuula.

Omasula anamgumi kuno ndi a South African Whale Disentanglement Network, gulu limene linakhazikitsidwa mu 2006, mothandizana ndi maboti a NSRI, bungwe lopulumutsa anthu pa nyanja. Lamulo lawo loyamba: palibe wolowa m'madzi. Mchira wa namgumi wa matani 30 ukakupeza, nkhani yatha. Amaponya kambedza kukola chingwe chimene chikukokedwacho, n'kumangirirapo zigubu zazikulu kuti namgumi atope ndi kulephera kumira, luso limene analitenga kwa alenje a anamgumi akale. Kenako amawerenga kaye mmene chingwe chazungulira, n'kudula ndi mipeni yopindika, yakuthwa m'kati mokha, yomangidwa pa ndodo zazitali, kuyambira cha kumutu kutsirizira kumchira. Cholakwa chachikulu cha asodzi ofuna kuthandiza ndi kudula chingwe chotsalira kumbuyo chija. Namgumi amachoka akuoneka womasuka, koma mkombero wa pa mchira watsala, ndipo omasula alibenso pogwira.

Lolemba, Kommetjie

Long Beach ndi gombe lalitali, loyera, lotsetsereka pang'onopang'ono. Pa 30 Meyi 2009 anamgumi 55 a mtundu wa false killer whale anakokoloka pano. Anthu mazanamazana anabwera kudzathandiza, mafunde ali aakulu. Amene ankabwezedwa m'madzi ankabwereranso, ndipo pofika madzulo oposa 40 anawomberedwa kuti asazunzike. Anthu anakwiya kwambiri, koma thupi la nyamazi silinapangidwire kumtunda. Kulemera kwake kumafinya mapapo ndi mitsempha. Mafuta amene amaiteteza ku madzi ozizira amaiphika pa dzuwa. Minofu yofinyika imatulutsa zinthu zimene zimatseka impso, moti ngakhale yasambira n'kupita, itha kukafa patapita masiku.

Kukokoloka kwa gulu kumachitikira mitundu ya m'madzi akuya yokhala mogwirizana kwambiri. Pa gombe losetsereka chonchi phokoso lawo losakira njira silibwerera bwino, madzi akaphwa amatsala, ndipo mmodzi akalira ena sachoka. Ambiri m'gulu lotere amakhala athanzi. Dolofini wokokoloka yekha ndi nkhani ina: kawirikawiri ndi wodwala, ndipo kum'kankhira m'madzi n'kungom'chotsa pamaso pa dokotala kuti akafere pena. Pa Bazaruto ku Mozambique madolofini 111 anapezeka atafa mu Febuluwale 2021, namondwe Guambe atangodutsa.

A Malawi ambiri amagwira ntchito m'matauni a m'mbali mwa gombe lino ndipo amadutsa pa mchenga m'mamawa ena asanadzuke. Mukapeza dolofini wamoyo, imbirani a NSRI kapena a khonsolo ya mzinda musanachite china chilichonse, ndipo nenani malo, kukula kwake ndi ngati akupuma. Podikira, mugoneke chafufumimba, kumbani timaenje pansi pa zipsepse kuti zisapindike, mufunditseni nsalu zonyowa koma bowo lopumira la pamutu likhale poyera, ndipo pothira madzi dikirani atseke bowolo, madzi kapena mchenga zisalowemo. Thirani kwambiri pa zipsepse ndi pa mchira, ndi mmene kutentha kumatulukira. Musamukoke mchira, mafupa a msana amaguluka. Nkhope yanu isakhale pamwamba pa mpweya wake. Werengani kapumidwe: kawiri mpaka kasanu pa mphindi ndi bwino, kupitirira kakhumi ndiye kuti wapanikizika kwambiri, anthu ndi agalu atalikire. Akatswiri akaganiza zomubweza, amam'gwira m'madzi ofika m'chiuno n'kumamugwedeza uku ndi uku kwa nthawi yaitali kuti dzanzi lithe, ndipo gulu limamasulidwa nthawi imodzi.

Wakufa musadyeko kapena kudulako kanthu. N'zoletsedwa, ndipo simudziwa chimene chamupha. Mitembo ikuluikulu ya mu Cape Town imanyamulidwa pa lole kupita kudzala la Vissershok, ndipo gombe limatsekedwa kwa kanthawi chifukwa mafuta otayikira m'madzi amaitana ashaki. Mawa m'mawa tipitirira ku Yzerfontein ndi St Helena Bay, kwa madolofini aang'ono a Heaviside.